Nyimbo Imene Tinaichedwetsa

Mayi a ana anga ankaimbira m'mphuno, pakamwa ali chitsekere. Akakhala pakhonde kusenda nandolo, kapena akamayanika makaka a chinangwa pathandala, kanyimbo kena kankatuluka mwa iwo ngati utsi wa nkhuni zonyowa, kosafulumira, kokwera pang'ono, kenako n'kutsika kukagona pansi. Kanalibe mawu. Zaka zonse zimene tinakhala limodzi sindinawafunsepo kuti ndi nyimbo yanji. Inali ya m'nyumba basi, ngati kulira kwa chitseko cha kuchipinda kapena fungo la sopo wawo.

Atamwalira, zovala zawo zinagawidwa kwa abale monga mwambo unenera. Ziwiya zina anatenga ana. Nyimboyo palibe amene anaitenga, chifukwa palibe ankadziwa kuti nayonso ndi katundu wamasiye. Inatsala ndi ine. Ndinkaiimba ndikamapalira chinangwa, ndikamapita kuchipatala cha ku Mishoni kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndikamadikira madzi kuti awire. Sindinkaiimba kuti ndilire. Ndinkaiimba monga munthu amasonkhera moto m'nyumba yokhala yekha, kuti odutsa aone utsi adziwe kuti muli munthu.

Chaka chatha, chiperoni chitayamba, ndinazindikira kuti nyimboyo yabooka pakati. Poyamba pake ndinali napo, pomaliza pake ndinali napo. Koma pamene inkakhotera, pamene mawu awo ankakwera ngati munthu woponda pamwala kuti aone kutsidya, panali patasowa. Ndinkafika pamenepo n'kuima, ngati wapaulendo amene wapeza mlatho utapita ndi madzi. Ndikati ndilumphe, ndinkagwera m'nyimbo ina, ya m'buku la kutchalitchi.

Nkhope yawo ilipo pa chithunzi cha pakhoma. Mawu awo kulibe kumene anasungidwa, koma m'kanyimbo kameneka. Ndinaona kuti ngati pakati papita, poyamba padzatsatira, ndipo tsiku lina ndidzakhala pakhonde lomwelo ndili chete, osadziwa ngakhale chimene ndataya.

Ine ndine mkulu wa mpingo. Ntchito ndinkagwira kufakitale ya tiyi, kowumitsira masamba, mpaka ndinapuma. Koma kumudzi anthu amandidziwa ngati woyambitsa nyimbo pamaliro. Bokosi likamatuluka m'nyumba, maso amabwera kwa ine. Choncho ndinkangoyesa kuti nyimbo ya mayi a ana anga ndi yauzimu, mwina ya mpingo wa makolo awo. Ndinatsegula buku la nyimbo, n'kumaiyesa ndi iliyonse imene ndimadziwa, monga munthu amayesera makiyi pa loko. Sinalowe paliponse. Tsiku lina titaweruka ndinawaimbira amayi a mpingo. Anamvetsera mwaulemu, mitu ili chopendekera, n'kunena kuti ndi yokoma koma sakuidziwa. Mwana wanga wamkazi amene amakhala ku Blantyre ndinamuimbira pafoni.

"Ababa, amayi ankangoimba basi," anatero. "Koma mwadya?"

Panatsala malo amodzi amene ndinali ndisanafunse. Lamulungu lililonse masana, tikabwera kutchalitchi, mayi a ana anga ankatulutsa wailesi pakhonde kumvera pulogalamu ya nyimbo zakale, za magitala ndi mabanjo, zija zinkalira m'magalamafoni ife tikukula. Pakati pa nyimbo woulutsa amawerenga nkhani za omvera. Gulu lakutilakuti lakazonda mnzawo wodwala. Gulu lina lasoketsa yunifolomu. Mayi wina wakwatitsa mdzukulu ndipo akupempha nyimbo imene anavina pa ukwati wake. Bambo wina amene ankagwedeza bwalo pa unyamata wake watisiya, maliro ndi mawa. Anthu onsewa mayi a ana anga ankawadziwa ngati abale, ngakhale sanawaonepo ndi maso.

"Aja a ku Luchenza achira," ankandiuza.

Ine ndinkavomera ndi mutu, ndili pansi pa mtengo wa mapeyala ndi Baibulo langa. Sindinkawaletsa, komanso sindinkamvetsera. Nyimbo zovina ndinkazimva ngati mvula ya padenga la mnansi.

Iwo atapita, wailesiyo ndinapitiriza kuitulutsa nthawi yomweyo. Poyamba kunali kungoopa bata la masana a Lamulungu, limene limalemera kuposa la masiku ena. Nyimbo itabooka, ndinayamba kumvetsera ndi cholinga, kuti mwina tsiku lina ingalire. Sindinaimve. Koma m'nkhani za omvera zija ndinamva kuti ku Chonde kuli gulu la okonda nyimbo zakale, limakumana Loweruka kuseri kwa shopu ya telala wina, ndipo akuti mwa iwo muli anthu oti ukangowaimbira kachidutswa amakuuza nyimbo yonse.

Ndinazengereza. Mkulu wa mpingo akapezeka pamalo povina, anthu sasowa chonena. Ndinapemphera, ndipo yankho silinabwere ngati mawu. Kungoti m'mawa wina ndinati ndiimbe, n'kupeza kuti poyamba pomwe payamba kugwedera. Ndinavala jekete.

Linali tsiku la chiperoni chenicheni. Phiri linali litabisala lonse, moti mlendo akanakana kuti kuno kuli phiri. Wakabaza ananditenga kudutsa m'minda ya tiyi mpaka pokwerera minibasi. Mizere yobiriwira inkatuluka mu nkhungu n'kubwereramo, ndipo othyola ankaoneka mitu ndi madengu okha, ngati akuyandama pamadzi. Mu minibasi ndinkaimba chamumtima njira yonse, osayankhula ndi munthu, ngati wonyamula madzi m'manja.

Ndinawapeza ali pansi pa shedi ya malata, achikulire okhaokha, amuna ndi akazi, ena atavala zipewa zaubweya. Patebulo panali wailesi yakaseti yolumikizidwa ku sipika, ndi makatoni awiri a makaseti, ina yotsegula, ina yomanga ndi chingwe. Pansanamira anali atamangirirapo mbendera ya dziko lathu, chifukwa unali mwezi wokumbukira ufulu. Telala uja, mwini malo, ndiye analinso tcheya wa gululo, bambo wamfupi wojintcha, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale panalibe choyeza.

"Takulandirani, abusa," anatero ataona jekete langa. "Mwabwera kudzatitembenuza, kapena tikutembenuzeni ndife?"

"Sindine mbusa, achimwene. Ndine mkulu wa mpingo chabe."

"Ndi zomwezo. Apatseni mpando abusa. Wosagwederawo."

Anthu anaseka, koma mpando anandipatsa, ndi kapu ya tiyi wotentha. Tcheya anandifotokozera lamulo lawo ndisanafunse.

"Mwezi uno pano pamalira nyimbo za kwathu zokhazokha. Za ku Joni, za ku Halale, za ku Kongo, zonse zili m'katoni yomangayo, zikupuma. Zidzatuluka mwezi wamawa. Ndiye ngati mwabwera ndi yakunja, muisiye pakhomo."

Ndinawauza kuti sindikudziwa ngati ndi yakunja kapena ya kwathu. Ndinafotokoza za malemu mkazi wanga, za kuimbira m'mphuno, ndi za pakati pamene pasowa. Nthabwala zinazima zokha. Tcheya anatseka kaseti imene inkalira.

"Imbani timve."

Ndinaimirira, manja kumbuyo monga ndimachitira nthawi zonse, n'kuyamba. Nditafika pobooka paja ndinaima, ndinanena kuti apa ndi pamene pasowa, kenako ndinamaliza chomaliza chake. Kunangomveka timadontho ta chiperoni pamalata. Bambo wina wowonda amene anakhala pafupi ndi sipika anali atavula chipewa.

"Abusa, pepani," anatero tcheya motsitsa mawu, "koma iyi ndi ya kumanda. Taonani achimwenewa avula kale chipewa. Ife pano tili ndi za kuphwando."

Ena anayesa kutchula nyimbo iyi ndi iyo, anzawo n'kumapukusa mitu. Ndinathokoza chifukwa cha tiyi, n'kuyamba kuyang'ana pamene ndinaika ambulera.

Pa benchi ya kumapeto panali mayi wina wamtali, imvi zikusuzumira pansi pa duku, foni ili pamiyendo. Ndinamva pambuyo pake kuti ndiwo amatumiza nkhani za gululo ku wailesi, ndipo anakulira m'minda ya tiyi mpaka msana unakana.

"Bambo, dikirani kaye," anatero. "Malemuwo kwawo kunali kuti?"

"Cha ku Muloza, kufupi ndi malire."

"Anathyolapo tiyi?"

"Ali mtsikana, inde. Ine ndinawapeza atasiya."

"Nanga akamaimba nyimboyi, manja ankatani?"

"Ankasenda nandolo. Nthawi zina kusoka."

"Ehe. Imbaninso. Koma musamvere mtima wanu, mverani manja angawa."

Anayamba kumenya benchi ndi manja awiri, mofulumira, monga othyola amachitira pamwamba pa tiyi, ili lathyola, ilo lathyola, kenako kuponya kumbuyo m'dengu. Ndinayamba kuimba, koma ndinatsalira kutali.

"Mukukoka, bambo. Simukuperekeza mtembo pano. Thamangani."

Ndinachita manyazi ngati nkhalamba yothamangira basi itavala jekete. Komabe ndinatsatira manja aja. Anaonjezeranso liwiro, ine n'kumapunthwa pambuyo pawo. Ndipo ndinamva ndi makutu anga nyimbo ya m'nyumba mwanga ikudzuka pamphasa, ikusasa fumbi, ikuimirira. Mitu inayamba kutukuka. Bambo wowonda uja anabwezera chipewa kumutu. Pansi pa mabenchi mapazi anayamba kuyankha. Nditafika pobooka paja ndinaima monga mwa masiku onse, koma wina kumbuyo anapitiriza ndi mluzu, anawoloka osayang'ana n'komwe, mwaliwiro loti sindinathe kugwira kanthu.

Onse anatchula dzina la nyimboyo nthawi imodzi, ndi la anyamata amene anaiimba. Mayinawo kwa ine anali achilendo.

"Imeneyi ndiye mwaisowa, bambo?" anafunsa mayi aja akupukuta manja pachitenje. "Imalira pa wailesi kawirikawiri. Mwezi wathawu yalira, anaipempha a ku Thyolo."

Ndinakhala pansi. Ndiye kuti masana onse aja a Lamulungu, ine ndili tcheru pafupi ndi wailesi, nyimboyo inkadutsa pakhonde panga ikuvina, ine n'kumaiyang'ana ngati mlendo, kudikira ina yoyenda ndi ndodo.

Mayi aja anapita patebulo n'kugwira chingwe cha katoni yomanga ija. Tcheya anaikapo dzanja.

"Ayi, achemwali. Imeneyo ndi ya kutsidya. Idikire mwezi wamawa."

"Ya kutsidya kuti? Anyamata aja ankagwira ntchito pa esiteti ya tiyi pompano. Mmodzi ankapopera mankhwala m'munda umene ndinkathyola ine."

"Makolo awo anali a ku Milanje, kutsidya kwa malire. Ndipo theka la nyimboyo ndi Chilomwe."

"Nanga agogo anu ankalankhula chiyani, a tcheya? Chingerezi?"

"Agogo anga musawalowetse m'nkhani, akugona bwinobwino."

Ndinafunsa kuti kodi nyimboyo imanena chiyani, poti ine mawu ake ndinali ndisanawamvepo. Mayi aja anandifotokozera. Akuti munthu wayenda ulendo wautali wapansi, wafika pamtsinje wa Muloza, mitambo yatseguka, waona phiri. Ndiye akutuma wodutsa pa njinga kuti akanene kunyumba ateleke madzi, wafika kwawo.

"Eya," anatero tcheya. "Kwawo ku Milanje. Phirili amalionanso kumeneko. Munthu ameneyu akupita."

"Akubwera."

"Akupita, achemwali. Mvetserani gitala, ndi wa munthu wotsanzika."

"Inu ndi gitala mudziwana liti? Inu dziwani mabatani."

Shedi yonse inagawikana, ena akuti akupita, ena akuti akubwera. Ndinaona kuti mkanganowu ndi wakale, umatuluka chaka chilichonse mwezi womwewu, ndipo onse amaukonda.

Iwo akukangana, ine maganizo anandichokera. Bambo anga anawoloka mtsinje womwewo ali mnyamata, khasu paphewa, mphasa pamutu, kuthawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Sanabwererenso. Dzuwa likamapendeka ankakonda kukhala pachitsa kuyang'ana kum'mawa, koma munthu akawafunsa kwawo ankaloza pansi pomwe akhalapo. M'nyumba ankalankhula Chilomwe. Potuluka ankachisiya pakhomo, chifukwa panali mayina amene anthu ankatitchula nawo pamsewu. Ife ana tinakula tikuchimva Chilomwecho koma osachilankhula.

Tsiku limene dziko linalandira ufulu ndinali mwana wasukulu. Anatipatsa timbendera ta pepala, chiperoni chinatinyowetsa, utoto unatsikira m'manja. Ndinafika kunyumba zikhatho zili zofiira ndi zobiriwira, ndipo ndinakana kusamba. Kenako kunabwera zaka zimene kukonda dziko kunali ndi nsalu yake ndi tsiku lake. Malole ankabwera kudzatenga amayi kukavina kumisonkhano. Mayi a ana anga ankapita, poti panalibe kukana. Ankabwerako fumbi mpaka m'nsidze, n'kusamba, n'kukhala pakhonde ndi lichero lawo. Pansi pa shedi paja ndinakumbukira kuti masiku amenewo ndi pamene kanyimbo kaja kankatalika kwambiri, kubwereza ndi kubwereza mpaka nkhuku zitalowa. Sindinena kuti amene ankavina ndi mtima wonse ankalakwa. Ambiri ankakondadi dziko lawo, ndipo ena mwa iwo ndinawaimbira ndekha powaperekeza. Kungoti ine kuyambira nthawi imeneyo ndinkayesa kuti kukonda dziko ndi chinthu chaphokoso, ndipo anthu achete ngati ine tilibemo gawo. Sindinkadziwa kuti pakhonde panga munthu wina ankaona phiri tsiku ndi tsiku, n'kumanena ndi pakamwa potseka kuti wafika kwawo.

"Abusa," tcheya anandidzutsa. "Inu mumaweruza milandu kutchalitchi. Tiweruzeni. Nyimboyi ndi ya kuno kapena ya kutsidya?"

Ndinatenga nthawi, monga ndimachitira pa milandu ya mabanja.

"Kumene inabadwira sindikudziwa, achimwene. Munthu wa m'nyimboyo ngati akupita kapena akubwera, nazonso sindinganene. Chimene ndikudziwa ndi kumene yakhala. Yakhala pakhonde panga, kuseri kwa Mishoni, kuyambira pamene tinamanga banja. Yagoneka ana anga onse. Chaka cha njala inadya nafe gaga. Madzi atakokolola munda wathu inalipo. Sinapiteko kwina kulikonse."

Tcheya anakoka tepi yake uku ndi uku pakhosi, akuyang'ana mbendera.

"Ndiye kuti ndi nzika," anatero. "Akanakhala munthu bwenzi akuvota." Anachotsa dzanja pakatoni. "Koma achemwali, mukanene ku wailesi kuti ine ndinakana. Andigonjetsa ndi abusa."

Mayi aja anapeza kasetiyo, analowetsa bolopeni pabowo lake n'kumaipota kuti ibwerere poyambira. Akupota choncho, mantha ena anandigwira amene sindinabwere nawo. Nanga ndikaimva yeniyeniyo, ndi magitala ake ndi ng'oma zake, siidzathamangitsa ija ya m'mphuno? Wamphamvu akalowa m'nyumba, wofooka amatuluka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti asiye, zakwana. Koma chala cha mayi aja chinali chitadina kale.

Poyamba kunamveka kuwaza ngati mvula yakutali, kenako gitala, kenako mawu a anyamata, owonda, osangalala, ngati akuimba ali pamwamba pa lole. Shedi inachoka m'maso mwanga. Ndinaona bwalo la pa esiteti Loweruka masana, fumbi likukwera m'dzuwa, ndi mtsikana wa miyendo yopepuka, duku litamasuka mbali imodzi, akuseka ndi mano onse. Ndinamudziwa ndi m'mene ankapendeketsera mutu: anali mayi a ana anga. Koma ine sindinakumane naye mtsikana ameneyu. Ine ndinakumana ndi wina wodekha, wa mzere wachiwiri m'kwaya, amene ankayang'ana pansi ndikamulonjera.

Pamene panabooka paja panafika. Sipanali mawu a munthu. Oimba amakhala chete pamenepo, gitala n'kukwera yekha, kuponda pamwala, kusuzumira kutsidya, n'kutsika. Zaka zonsezi mayi a ana anga ankaimba gitala.

Achikulire aja anali ataimirira, akuvina mosamala, aliyense akumvera maondo ake. Tcheya, amene anakana, ndiye anali pakati, tepi ikuuluka. Ine sindinavine. Ndinangoona kuti tiyi wotsala m'kapu yanga akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati ndi sipika kapena bondo langa.

Itatha, mayi aja anabwera kudzakhala pafupi nane akupuma mwamphamvu.

"Ndili nayo mufoni. Ndikuikireni mwanumo?"

"Ayi, zikomo, mayi. Ikakhala m'thumba ndidzaimva mopitirira." Kenako ndinafunsa chimene chinkandivuta. "Koma anaichedwetsa ndani?"

Anaseka pang'ono.

"Mwina iwo. Polowa m'nyumba ya mkulu wa mpingo anaivula nsapato kuti isamachite phokoso. Mwina inuyo, ndi maliro anuwa. Kapena nonse awiri, uyu kukoka pang'ono, uyo kukoka pang'ono. Mufunsa ndani tsopano?"

Ndinatsanzika. Tcheya anandiperekeza mpaka pamsewu, akundiuza kuti jekete langa ndi lalikulu m'mapewa, ndidzabwere nalo alichepetse.

Mu minibasi chimene ndinkaopa chija chinachitika. Nyimbo inali m'mutu mwanga yonse, koma inali ya anyamata aja. Ndikati ndiyambe ya m'mphuno, ng'oma inkalowerera, mapazi ake n'kundikoka. Ndinafika kunyumba, ndinaima pakhonde, ndinayesanso. Inathamanga. M'mawa mwake inathamanganso. Ndinayesa kuigwira ndi mphamvu, kuimba mochedwa dala, koma inkamveka ngati kaseti ya mabatire otha. Sanali mawu awo. Ndinapita ku Chonde kukafuna pakati, ndipo ndinaona ngati ndabwerako nditataya yonse.

Sindinaimbe mlandu munthu. Anthu aja anandichitira zabwino. Ndinangoiuza nkhaniyi kwa Mulungu mwachidule, poti amaidziwa kale, n'kusiya kuyesa. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito zanga pakamwa ndi m'mphuno muli zii. Kumudzi kunagwa maliro, ndinakayambitsa nyimbo monga mwa nthawi zonse, ndipo mawu anga ndinkawamva ngati a munthu wina.

Nandolo wa kumunda wa kuseri anali atayamba kukhwima. Chaka chilichonse ndimangouza ana a mnansi kuti athyole, poti ndekha sindimuphika kawirikawiri. Koma masana ena ndinatenga lichero ndekha, ndinathyola wamuwisi, n'kukakhala pakhonde, pamalo pawo pamene simenti inasalala. Nkhungu inali ikutsika m'mitengo ya bulugamu. Manja anga ndi okalamba ndipo ntchitoyi sanaizolowere. Kutenga khoko, kulitsina kunsonga, kulitsegula, chala chachikulu n'kukankha, nandolo n'kugwera m'beseni. Kutenganso lina. Sindinkaganiza kanthu. Ndinkangomva kugwa kwa nandolo, ndi kadontho kochokera padenga.

Sindikudziwa pamene inayambira. Ndinangozindikira kuti ikutuluka, yosafulumira, yokwera pang'ono, ikuyenda ndi manja anga, khoko limodzi mzere umodzi. Ndinaopa ngakhale kuimvetsera. Ndinapitiriza kusenda, maso ali m'beseni. Inafika pamtsinje paja, ndipo sinaime. Inaponda pamwala, inasuzumira kutsidya, inatsika bwinobwino mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Ndinasenda lichero lonse, nandolo wochuluka kuposa amene munthu mmodzi angadye, ndipo wotsala ndinakapereka kwa mnansi.

Lamulungu lotsatira, titaweruka, ndinathyolanso wina, n'kutulutsa wailesi. Woulutsa anawerenga za gulu limene lagula mipando, ndi za mayi wina amene wachita opaleshoni ya maso ndipo tsopano akuona. Kenako anati gulu la ku Chonde linalandira mlendo, mkulu wa mpingo wochokera cha ku Mishoni, amene anathetsa mlandu umene unavuta zaka zambiri, koma a tcheya akuti dziko lonse lidziwe kuti iwo sanavomereze. Dzina langa analitchula molakwika pang'ono. Ndinadziwa kuti amayi a mpingo amva, ndipo Lamulungu linalo adzandilonjera ndi maso oseka. Sizinandivute.

Gitala uja anayamba. Sindinatseke wailesi. Ndinatenga khoko, ndinayamba yanga pansi pake, pa liwiro la manja anga. Ya anyamata inathamanga kutsogolo, ngati mtsikana wotsetsereka kumtsinje amene amatembenuka kuona ngati ukubwera. Yanga inkatsatira pambuyo. Kumtunda nkhungu inang'ambika pang'ono, mwala wa phiri unaonekera, wonyowa, ukuwala, kenako unabisalanso.

Ya pa wailesi inatha ine ndisanafike n'pamlatho pomwe. Woulutsa anayamba kuwerenga moni wa anthu a ku Muloza. Ndinatsitsa mawu a wailesi, ndinatenga khoko lina, ndipo ndinawoloka.